Foloko ya shoko: iti imapirira misewu yathu ya Mzuzu?

Njinga zam'mapiri zambiri zimene zikuyenda muno mu Mzuzu zinabwera zitagwirapo kale ntchito kunja, ndipo chimene chimafika chitatopa kwambiri pa njinga yotere ndi foloko ya shoko. Tcheni ndi matayala mumaona ndi maso kuti zatha. Foloko imabisa. Kunja imanyezimira, zilembo zili bwinobwino, pamene mkati oyilo adauma kalekale. Mwini njinga amadzazindikira ali pamtsetse wautali, manja atachita dzanzi, tayala lakutsogolo likungodumpha m'malo mogwira pansi.

Mkati mwa foloko yabwino muli zinthu ziwiri. Choyamba ndi chimene chimanyamula thupi lanu, sipuling'i yachitsulo kapena mpweya wopopedwa, ndipo pa mafoloko ambiri chimakhala m'mwendo wakumanzere mukakhala pa chishalo. Chachiwiri ndi damper, m'mwendo wakumanja, momwe oyilo amakakamizidwa kudutsa m'timabowo kuti foloko isalowe kapena kubwerera mwachangu kuposa mmene ziyenera kukhalira. Kusiyana kwa foloko yotchipa ndi yodula kwagona kwambiri pa chachiwirichi. Sipuling'i yokha popanda damper imakubwezerani bampu yonse m'manja.

Ndiye tiyambe ndi mafoloko apansi penipeni, aja opanda dzina lodziwika amene amabwera pa njinga zatsopano zotchipa. Mkati mwake mumangokhala sipuling'i yopyapyala, nthawi zina mbali imodzi yokha, ndi timphira. Damper mulibe. Mapaipi onyezimira amakhala ang'ono, mamilimita 25 kapena 28, achitsulo chokutidwa ndi chrome, ndipo mabushi ake, timphete tam'kati totsetserekamo mapaipiwo, ndi apulasitiki. M'tauni, kuchokera ku Chibavi kupita ku Katoto, palibe vuto lalikulu. Koma okwera amene amapita nazo m'misewu yafumbi amadandaula zofanana: kugogoda kwa chitsulo foloko ikamabwerera, kugwedera kutsogolo ndi kumbuyo mukamanga buleki, ndipo dzinja limodzi likatha, dzimbiri ndi kuuma kotheratu. Foloko yotere ikauma, mukunyamula makilogalamu pafupifupi 3 a chitsulo chimene sichikugwira ntchito iliyonse. Ine ndimati ichotseni muikepo foloko wamba yopanda shoko, ndipo ndibwererako pa mfundo imeneyi.

Pamwamba pake pali mafoloko a SR Suntour a sipuling'i, XCT, XCM ndi XCR, amene ali pa njinga zambiri za Trek, Giant, Scott ndi Specialized zoyambira nazo. Pa mitundu imene imapezeka kwambiri, XCT ili ndi mapaipi a mamilimita 28, XCM 30, XCR 32. Mamilimita awiri akuoneka ochepa, koma paipi ikanenepa pang'ono kulimba kwake kumakwera kwambiri, ndipo munthu wolemera amamva kusiyanako akamanga buleki pamtsetse. XCT imapindikira kumbuyo, XCR imaima. Ubwino wa mafolokowa ndi wakuti ndi osavuta. Mulibe mpweya woti utuluke, simufuna pampu yapadera, ndipo makaniki aliyense wosamala angathe kuvula miyendo yam'munsi, kupukuta, kupaka girisi ndi kubwezeretsa. Kuipa kwake ndi kulemera, makilogalamu 2.5 kapena kuposerapo, komanso kuti XCT ndi XCM zambiri zilibe posinthira liwiro lobwerera.

Pali vuto lina la sipuling'i limene anthu ambiri salidziwa. Sipuling'i imene imabwera mu foloko kuchokera kufakitale nthawi zambiri ndi yapakati, yoyenera munthu wa makilogalamu cha m'ma 70 mpaka 80. Ngati inu muli ndi makilogalamu 55 kapena 60, foloko yotha kulowa mamilimita 100 muzingoigwiritsa ntchito theka, ndipo muziganiza kuti ndi yowonongeka pamene ili bwino. Kopotokola kapamwamba kolembedwa preload sikafewetsa sipuling'i. Kamangoipanikiza kapena kuimasula pang'ono poyambira, kulimba kwake kumakhala komweko. Njira yeniyeni ndi kusintha sipuling'i n'kuikamo yofewa, ndipo kuno imeneyo ndi yoitanitsa. Apa ndi pamene foloko ya mpweya imapambana mosachita kufunsa, chifukwa munthu wa makilogalamu 50 ndi wa 95 onse amaikonza ndi pampu imodzi yomweyo.

Mafoloko a mpweya amtengo wapakati ndiwo ndimaona kuti akuyenera malo athu ano: SR Suntour XCR Air, Raidon ndi Epixon, RockShox Recon ndi Judy za mpweya, Manitou Markhor. Pafupifupi onsewa ali ndi damper yeniyeni ndi posinthira rebound, liwiro lobwerera lija. Okwera amene achoka pa XCM n'kupita pa imodzi mwa izi amayamba kutchula kupepuka kwa kutsogolo pokwera chitunda, kenako kuti tayala likugwira pansi pa msewu wa timabampu tondondozana, monga zimakhalira m'misewu ya m'nkhalango ya Chikangawa magalimoto a matabwa akaipondaponda. Pa RockShox yang'anani mawu akuti Silver ndi Gold. Silver ili ndi mapaipi achitsulo, ndi yolemera ndipo imachita dzimbiri ikakandika. Gold ili ndi mapaipi a aluminiyamu, yopepuka, yosachita dzimbiri, koma utoto wake wolimba ukaperepeseka palibe kubwezeretsa. Ku Mzuzu kumene mvula imakhalitsa mpaka April ndi May, kenako mawawa ndi nkhungu za June ndi July, nkhani ya dzimbiri si yaing'ono. Manitou musadabwe nayo mukaona chitsulo cholumikiza miyendo chili kumbuyo kwa foloko. Anaipanga choncho, sikuti makaniki anaiika chotembenuza.

Kenako pali apamwamba, RockShox Reba, SID ndi Pike, ndi Fox 32, 34, 36. Manambala a Fox amenewa ndi kunenepa kwa mapaipi m'mamilimita. Pike ili ndi mapaipi a mamilimita 35. RockShox ndi dzina lakale pa nkhaniyi, inayamba mu 1989 ndipo kuchokera mu 2002 ili m'manja mwa kampani ya SRAM. Foloko yotere ikakhala yosamalidwa, kusiyana kwake kumamveka pa bampu yoyamba: imayamba kuyenda ndi kamwala kakang'ono, koma siigwera pansi mukamanga buleki mwamphamvu pakona. Amene anatsikapo makona a msewu wa Golodi kuchokera ku Livingstonia amadziwa chifukwa chake zimenezi zili zofunika. SID imalemera cha m'ma kilogalamu 1.5, kutanthauza kuti mwachotsa kilogalamu yathunthu kutsogolo kwa njinga poyerekeza ndi XCM.

Koma mvetsetsani ichi musanatulutse ndalama. Foloko yapamwamba inapangidwa poganiza kuti mwini wake aziitsegula kawirikawiri. RockShox imanena kuti miyendo yam'munsi izitsegulidwa maola 50 alionse okwera, Fox imanena maola 125 kapena kamodzi pachaka. Masilu ake (timphira totchinga fumbi ndi oyilo), timasiponji tam'kati, oyilo wake, zonse ndi zoitanitsa. Fox 32 ya zaka khumi imene sinatsegulidwepo si Fox imene mukuiganizira. Recon yosamalidwa imaiposa kutali. Komanso pamsika pali mafoloko otchipa omatidwa zomata za Fox. Mafoloko enieni a Fox amakhala ndi nambala yake yosindikizidwa, ndipo kulemera kokha kumaulula: foloko yolembedwa Fox 32 koma yolemera makilogalamu 2.6 ndi yabodza.

Foloko isanalowe pa njinga yanu

Anthu ambiri amataya ndalama pano, pogula foloko yabwino imene sikwana. Choyamba ndi khosi la foloko, paipi ija yolowa mu felemu. Njinga zakale zambiri zili ndi khosi lowongoka la inchi 1 1/8, lomwe ndi mamilimita 28.6 kuyambira pansi mpaka pamwamba. Mafoloko atsopano ambiri ali ndi khosi lotambasuka kumunsi kufika mainchi 1.5. Foloko ya khosi lowongoka ingalowe mu felemu yatsopano mukaikapo kachitsulo kosinthira pansi, koma ya khosi lotambasuka siingalowe mu felemu yakale yopapatiza. Yezaninso kutalika kwa khosilo. Foloko yakaunjika inadulidwa kale molingana ndi njinga ya mwini wake woyamba. Phatikizani kutalika kwa khosi la felemu yanu, mabeyaring'i apamwamba ndi apansi, ndi stem (chitsulo chogwira mahandulo) imene yokha ndi pafupifupi mamilimita 40. Ngati khosi la foloko likuperewera, isiyeni. Kuwotcherera paipi ina pamwamba pake ndi kuika moyo pachiswe.

Chachiwiri ndi ekiselo. Habu yakale ili ndi ekiselo ya mamilimita 9 yomangidwa ndi kachitsulo kopinda ndi dzanja. Mafoloko atsopano ali ndi ekiselo yonenepa ya mamilimita 15 yopyoza miyendo yonse iwiri, ina yotalika mamilimita 100, ina 110 imene amaitcha Boost. Mukasintha mtundu wa ekiselo ndiye kuti mukugulanso habu ndi kulukanso sipoko, kapena wilo yonse. Ekiselo yonenepa imalimbitsa kutsogolo kuposa mmene anthu amaganizira, ndipo ngati ndalama ilipo ndi yoyenera. Kukula kwa wilo, mainchi 26, 27.5 kapena 29, kuyenera kufanana. Ngati mabuleki anu ndi a V, onani kuti foloko ili ndi timitengo tomangirapo, chifukwa mafoloko a mpweya ambiri masiku ano ndi a disiki okha.

Chachitatu anthu amachinyozera: kutalika kwa foloko. Munthu ali ndi felemu yopangidwira mamilimita 80 kapena 100, wapeza foloko ya 140 pamtengo wabwino, akuti shoko yambiri ndi yabwino. Mamilimita 20 alionse owonjezera amagoneka khosi la njinga ndi digiri pafupifupi imodzi ndipo amakweza kutsogolo. Pokwera zitunda za ku Masasa kapena Mchengautuwa tayala lakutsogolo limanyamuka lokha, njinga imakana kukhota, ndipo choopsa kwambiri ndi chakuti foloko yaitali imakankha polumikizira felemu ndi mphamvu imene felemuyo sinapangidwire. Kuwonjezera mamilimita 20 felemu zambiri zimapirira. Kupyola apo ayi. Ndipo kunena zoona, misewu ndi tinjira tambiri tozungulira Mzuzu, kupita ku Ekwendeni, ku Lunyangwa, ku Luwawa, ngakhale pamwamba pa Nyika, mamilimita 100 mpaka 120 ndi okwanira.

Mukamayang'ana foloko yakaunjika, pukutani mapaipi ndi nsalu n'kuyendetsa chikhadabo kuzungulira, makamaka kumbuyo ndi pafupi ndi masilu. Chikhadabo chikakodwa, kukandikako kuzidula silu nthawi zonse. Kukandika kumodzi kwakung'ono kumatheka: salazani ndi sendipepa yosalala kwambiri yonyowa, ya nambala 1000 kapena kuposa, thirani kadontho ka guluu wa epoxy, kaume usiku wonse, salazaninso. Koma mukaona mizere yoyera yaitali yotsika ndi paipi pamene utoto wakuda kapena wagolide watha, dziwani kuti fumbi linalowa m'mabushi ndipo linadya chitsulo. Imeneyo musagule ngakhale akutsitsireni bwanji. Kenako mangani buleki yakutsogolo n'kukankha njinga kutsogolo ndi kumbuyo, dzanja lina litagwira pamene paipi ikulowa m'mwendo. Mukamva kugwedera pamenepo, mabushi atha. Mukakumva pamwamba pa khosi la felemu, ndi mabeyaring'i chabe, omanga ndi aleni kiyi. Yesaninso lockout, kopotokola kotsekera foloko kuti isalowe: mukatseka, foloko iyenera kulimba. Ikamalowa ngati simunatseke, oyilo wa damper wachepa kapena wadontha.

Kuchuna foloko ya mpweya

Mufunika pampu ya shoko, yaing'ono yofika 300 psi (muyezo wa mphamvu ya mpweya). Pampu ya matayala siikwanitsa, ndipo kompuresa ya pa filing'i siteshoni musaiyerekeze, chifukwa chipinda cha mpweya mu foloko ndi chaching'ono kwambiri, chimadzaza m'kanthawi kochepa. Mafoloko ambiri a RockShox ali ndi tebulo la kulemera kwa wokwera ndi psi lomatidwa kumbuyo kwa mwendo. Yambirani pamenepo, koma chomaliza ndi sag, kutanthauza mmene foloko imalowera mukangokwera njinga osayenda. Tsegulani lockout. Tsitsani kamphira kozungulira paipi mpaka pa silu, ngati palibe mangani cable tie mosathina. Kwerani mutavala zonse zimene mumayenda nazo, ndi chikwama chomwe, wina akugwirireni mahandulo, imirirani pa mapedulo, kenako tsikani mofatsa osadumpha. Yezani pakati pa silu ndi kamphira. Pa foloko ya mamilimita 100 mukufuna mamilimita 15 mpaka 20 ngati mumayenda kwambiri m'misewu yafumbi, 20 mpaka 25 ngati mumakonda tinjira ta miyala ndi mizu. Sinthani ndi 5 psi pa nthawi, ndipo mukawonjezera mpweya kankhani foloko kangapo kuti zipinda za mpweya ziwiri zam'kati zilingane. Kaphokoso kamene mumamva pochotsa pampu ndi mpweya wa m'paipi ya pampu, si wa mu foloko. Mukalumikizanso, geji imaonetsa kutsika pang'ono chifukwa paipiyo ikudzaza, ndiye musaganize kuti foloko ikutuluka mpweya.

Rebound imakhala pansi pa mwendo wakumanja, kopotokola kofiira pa RockShox ndi Fox. Werengani timaphokoso kuchokera kumapeto kumodzi mpaka kwina, ikani pakati. Kankhani mahandulo mwamphamvu n'kusiya mwadzidzidzi. Tayala likadumpha pansi, foloko ikubwerera mwachangu kwambiri, tsekani kamodzi kapena kawiri. Cholakwika chofala ndi kutseka mopyola. Foloko yochedwa kubwerera ikakumana ndi mabampu ondondozana imalowa pa yoyamba, isanabwerere yalowanso pa yachiwiri, mpaka imakhala pansi n'kuuma. Wokwera amamva kulimba, amachotsa mpweya, ndipo vuto limakula. Mankhwala ake ndi kutsegula rebound, osati kuchotsa mpweya. M'mawa wozizira wa June, makamaka ku Chelinda pa Nyika kumene kumagwa chisanu, oyilo amalimba ndipo foloko imachedwa yokha, choncho tsegulani kamodzi.

Lockout ndi ya pa phula ndi chitunda chosalala. Kutsika nayo yotseka pa miyala kumawononga damper ya mafoloko otchipa, chifukwa ambiri alibe kavalavu kotsegulira mphamvu ikachuluka.

Fumbi lofiira la September ndi October ndi matope a dzinja ndiwo amapha mafoloko kuno, ndipo njira yake ndi imodzi. Dothi limamatirira pa paipi, limadutsa silu youma, limasakanikirana ndi oyilo wochepa uja wa m'mwendo, n'kusanduka phala lokhala ngati sendipepa limene limadya mabushi ndi paipi. Choncho mukafika kunyumba pukutani mapaipi ndi m'mphepete mwa masilu ndi nsalu yoyera, ngakhale njinga yonse muisiye yakuda. Musapite nayo kotsukira magalimoto kumene amapopera madzi amphamvu, madziwo amalowa m'masilu n'kukhala pansi pa mwendo. Dulani chigubu chapulasitiki chofewa, mumange pa chitsulo cholumikiza miyendo ndi ma cable tie, chizitchinga matope ochokera ku tayala. Timajombo tamphira tovindikira mapaipi pa mafoloko akale timathandiza tikakhala tabwino, koma tikang'ambika timasunga madzi mkati, ndiye ndi bwino kutichotsa. Usiku woti mawa muyenda ulendo wautali, gadamitsani njinga kwa mphindi zingapo kuti oyilo atsikire ku timasiponji ta pansi pa masilu. Ngati mabuleki anu ndi a mafuta, finyani chogwirira kangapo mukaiimika musananyamuke.

Kutsegula miyendo yam'munsi pa RockShox ya mpweya si ntchito yoopsa. Lembani psi yanu, tulutsani mpweya wonse. Zulani kopotokola ka rebound. Masulani mabawuti awiri apansi ndi aleni kiyi ya mamilimita 5, koma osawachotsa, ingowatembenuzani katatu kapena kanayi. Menyani mitu yake ndi hamala yapulasitiki mpaka ndodo zam'kati zimasuke, kenako chotsani mabawuti, oyilo atsikire m'beseni. Kokani miyendo. Yang'anani oyiloyo: wakuda ndi wabwinobwino kwa foloko yochedwa kutsegulidwa, wooneka ngati mkaka ndiye kuti munalowa madzi, wa tizitsulo tonyezimira ndiye kuti paipi yayamba kudyeka. Tulutsani timasiponji, tsukani mkati ndi spirit wa isopropyl ndi nsalu yokulunga pa ndodo, osati petulo kapena parafini amene amawononga mphira. Viikani timasiponji mu oyilo watsopano, pakani girisi wofewa wa mashoko mkati mwa masilu, lowetsani miyendo mosamala kuti milomo ya silu isapindike. Foloko ili chogona, thirani oyilo ndi sirinji kudzera m'mabowo apansi. Pa mitundu yambiri ndi mamililita 5 mpaka 10 mwendo uliwonse, koma onani mlingo wa mtundu wanu ndi chaka chake m'buku la kampani pa intaneti, chifukwa oyilo wochuluka amalepheretsa foloko kulowa yonse. Ikani mawashala atsopano, mangani mabawuti cha m'ma 7 Nm (muyezo wa kuthina kwa bawuti), popani mpweya.

Oyilo wa RockShox wa m'miyendo ndi 0W-30 pa mitundu ina ndi 15wt pa ina, makamaka yakale, wa Fox ndi 20wt Gold pa mitundu yambiri. Ngati simunawapeze, oyilo wa mashoko a njinga zamoto wa 15W amagwira ntchito m'miyendo yam'munsi, ndipo chifukwa cha kuchuluka kwa njinga zamoto za kabaza ndi wosavuta kumusaka. Mafuta a buleki a DOT musawaike, amatupitsa masilu. Girisi wolimba wa mabeyaring'i a galimoto amachititsa foloko kumata. XCT ndi XCM zambiri sizithiridwa oyilo m'miyendo, zimayendera girisi yekha, ndiye kumeneko ntchito ndi kupukuta, kuchotsa madzi ndi dzimbiri pa sipuling'i, ndi kupaka girisi wofewa pa mabushi ndi masilu. Damper yake ndi katiriji yotsekeratu, ikafa mumasintha yonse.

Nthawi zina foloko ya mpweya imafupika yokha, ya mamilimita 100 n'kumaonetsa 70 palibe wokwera. Nthawi zambiri ndi girisi amene watseka kadzenje kam'kati kolinganizira mpweya wa zipinda ziwiri zija, makamaka mpweya ukatulutsidwa mofulumira. Popani pang'ono, pondani tayala kapena wina aligwire, kokani mahandulo m'mwamba mwamphamvu mpaka mumve kafuu kakang'ono. Ikabwereza kawirikawiri, mphira wa pisitoni yam'kati watha.

Ndibwerere ku foloko wamba ija. Anyamata a Sacramento, kabaza wa njinga zakapalasa, amanyamula anthu ndi katundu tsiku lonse m'zitunda za mzinda uno pa foloko yachitsulo yopanda shoko, ndipo siiwavutitsa. Ngati njinga yanu ndi yopitira kuntchito, kumunda ndi kunyamula katundu, ndipo mulibe njira yopezera masilu ndi oyilo, foloko yachitsulo ya kilogalamu imodzi ndi pang'ono, ndi tayala lonenepa la mainchi 2.2 kapena 2.4 losapopa mouma gwa, idzakutumikirani bwino kuposa shoko yakufa. Samalani kutalika kokha. Yezani foloko yakale kuchokera pakati pa ekiselo mpaka pamene khosi layambira, chotsani mamilimita 20 a sag, ndipo funani foloko wamba yoyandikira pamenepo. Pa njinga ya wilo 26 yopangidwira shoko ya mamilimita 100, zimenezi zimakhala cha m'ma 440 mpaka 450. Foloko wamba yakale ya wilo 26 imakhala cha m'ma 395, ndipo mukaiika pa felemu yotere kutsogolo kumagwa, mapedulo amagunda miyala, ndipo njinga imakhota mwadzidzidzi pamtsetse.